Chithunzi cha M'mutu mwa Ejvind

Kufamu, Jutland
5 Febuluwale

Okondedwa Anankhoma,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti mwana wathu Tiyamike wazolowera kukoleji. Ine ndili bwino, kungoti zala zang'ambika ndi chisanu monga chaka chilichonse. Ndalemba kalata chifukwa pafoni timangofunsana moni mpaka mayunitsi kutha, komanso alamu anu aja amakonda kudzasesa pafupi foni ikalira.

Bwana wanga Ejvind akudwala. Mukukumbukira kachiphuphu kakuda kamene anamudula pakhosi zaka zitatu zapitazo? Tinkati zatha. Mwezi watha analowetsa thirakitala m'khoma la khola, masanasana, chipata chili chotsegula. Atatsika anati, "Lameki, wasuntha khomali ndani?" Ndinaseka, koma nditamuyang'ana akuyenda ndinaona kuti akukoka mwendo wamanzere. Kuchipatala anamujambula m'mutu n'kupeza zotupa ziwiri mu ubongo, china ngati mtedza, china ngati khobwe. Ati ndi khansa ya pakhungu ija, inangolowa m'kati n'kukhala phee.

Sakumung'amba. Akumupatsa mankhwala a m'dilipi sabata zitatu zilizonse. Ati mankhwalawo sapha chotupa okha, amangodzutsa asilikali a m'thupi kuti akachiphe ndi iwowo. Galimoto amuletsa, ndiye womuperekeza ndine. Mwana wake Troels ali ku Aarhus pa ntchito yake ya makompyuta, ndipo ng'ombe amaziona papaketi ya mkaka.

Tsopano imvani chimene ndalembera. Pochokera kudilipi yoyamba tinaima pothira mafuta, iye n'kuti, "Iwe Lameki, zaka khumi ndi chimodzi ukugona m'kachipinda ka pamwamba pa mokamira. Mkazi wako ukumubisiranji? Ndi woipa nkhope?"

Ndinati, "Amaopa yako."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Kanyumba ka kumsewu kaja, kamene ankakhala amayi, tenga. Ndikulembera kalata ya nyumba ndi ya ntchito yokhazikika, si ndi zomwe boma likufuna? Abwere chilimwe chino. Ine khofi wako wanditopetsa."

Tinagwirana chanza pomwepo. Mukudziwa kale kuti kwa alimi a kuno chanza chimaposa chidindo, ndaonapo munda wonse ukugulidwa ndi chanza chokha pakhomo pa tchalitchi. Makalatawo ati tilemba Pasaka ikapita, wa malamulo akadzabwera.

Choncho yambani za pasipoti. Ng'ombe zathu ziwirizo muzifunire ogula, poti palibe wozisiyira. Koma yakudayo ili ndi bere, musalole kuti a Chimphako ogula ng'ombe aja aigule ngati ng'ombe youma. Adzayamba ndi kuinyoza miyendo, inu muzingoti zikomo.

Ndine mwamuna wanu,
Lameki

Kufamu
12 Malichi

Okondedwa Anankhoma,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiyani. Za mzere wa ku ofesi ya mapasipoti ndamva. Pirirani, kuno mukadzafika mudzausowa mzere, anthu amadikira aliyense pafoni yake ngati okwiyirana.

Ejvind walandira dilipi yachitatu. Thupi lamutuluka tiziphuphu toyabwa, koma mwendo wayamba kumumvera. Kwa dokotala ndimalowa naye, chifukwa khutu lake lamanzere linafa ndi mathirakitala, ndiye amati ndizikamumverera. Dokotalayo ndi mayi wamfupi dzina lake Vibeke, wosataya mawu.

Pa 3 Epulo amujambulanso kuti aone ngati mankhwala akugwira. Makinawo Ejvind amadana nawo. Ati amakutsekera mutu m'kakhola, amakuthira mankhwala m'mtsempha kuti chotupa chiwale pachithunzi, kenako amakulowetsa m'chimpope ngati buledi mu uvuni, ndiye chimagogoda theka la ola uli chigonere.

Lachinayi Vibeke anamukhazika pansi n'kuti, "Ejvind, ndikuuziretu. Chithunzi choyamba chikhoza kukuopsa. Asilikali aja akakhamukira pachotupa, malowo amatupa, ndiye pachithunzi zimaoneka ngati chotupa chakula. Nthawi zina chimakhala chakuladi, nthawi zina ayi. Chithunzi chimodzi sichingandiuze. Ndimaona kaye mmene ukuyendera, kenako n'kujambulanso."

Ejvind anati, "Ngati ng'ombe ikabayidwa katemera? Pakhosi pamatupa koma si matenda."

"Sindinabayepo ng'ombe, koma tiyerekeze choncho. China n'chakuti zotsatira zimafika pafoni ine ndisanakuone. Chonde usaziwerenge wekha."

"Ine foni ndimaiyang'ana ikalira basi," anatero, ndipo n'zoona. Amene ali ndi chilolezo choona za chipatala za bambo ake pafoni ndi Troels, koma iye tsikulo kunalibe.

Kanyumba kaja ndayamba kukakonza ndikamaliza kukama. Ndapaka penti yoyera m'zipinda ziwiri, chitini chimodzi makorona 400, ndinachita kuchiyang'ana kawiri ngati muli mafuta onunkhira. Chitofu chikugwira. Kuseri kuli kamunda, nthaka yake mchenga, koma mpiru ungayesere. Makatani a malemu amayi ake ndawasiya kuti mudzaweruze nokha, ine ndikuona ngati ankawasoka ali ndi mkwiyo.

Preben, wa famu yoyandikana nafe uja, wayamba kubwera ndi keke Lamlungu lililonse. Zaka zonsezi sindinamuonepo atanyamula kanthu kupita nako kwa mnzake. Akamatuluka amadzera kukhola, ati njira yachidule. Mwina ukalamba ukumufewetsa mtima.

Jekete musagule ku Lilongwe, za kumeneko n'zoseweretsa mphepo ya kuno. Nsapato zokha mugule zotseka.

Ndine wanu,
Lameki

Kufamu
11 Epulo

Okondedwa Anankhoma,

Moni wa Pasaka, ngakhale wafika mochedwa. Ndikhulupirira munapemphera bwino. Ine ndili bwino m'thupi.

Ejvind anamujambula Lolemba lija. Kukaonana ndi Vibeke anatiika pa 13, chifukwa kuno Pasaka imatseka maofesi kuyambira Lachinayi mpaka Lolemba. Koma foni ilibe Pasaka. Lachitatu zotsatira zinafika kwa Troels.

Lamlungu anabwera ku chakudya cha Pasaka. Tinali anayi, Ejvind, Troels, Preben ndi ine. Patebulo nsomba zawo za mu viniga, mazira, buledi wakuda ndi kachasu wawo wa m'timatambula. Tisanafike n'komwe pa mazira, Troels anaika foni pakati pa mbale.

"Bambo, chachikulu chija chinali mamilimita 14, pano chili 19. Alemba apa kuti chakula. Mankhwala sakugwira. Tikonze zinthu mukadali ndi dzanja losayinira."

Preben anapukusa mutu akuyang'ana nsomba. "Zachisoni, mnzanga. Koma ng'ombe zisakusowetse tulo, ine ndilipo."

Ndinati, "Troels, dokotala ananeneratu kuti chithunzi choyamba chikhoza kutero. Akuti kungakhale kutupa chabe, mpaka atajambulanso."

"Lameki, ndimakulemekeza," anatero. Munthu akayamba choncho ndimadziwa kuti chikubwera si ulemu. "Koma apa walemba ndi dokotala wa zithunzi, osati wokama ng'ombe. 14 ndi 19, chachikulu n'chiti?"

"Bambo ako mu Januwale ankakoka mwendo. Dzulo athamangitsa thole mpaka kumsewu, akutukwana njira yonse. Zimenezo zili pafonipo?"

"Anthu amapeza mphamvu akatsala pang'ono."

Ndinatembenukira kwa mwini mutu. "Ejvind, auze zimene Vibeke ananena."

Anapaka batala pabuledi, kuyambira pakona ina mpaka ina, ngati akulima. Kenako anati, "Khutu langa lija. Sindinamve bwino."

Preben anakweza katambula n'kuti, "Tiyeni timwere thanzi," onse n'kumwa. Folo koloko itakwana ndinapita kukakama, poti ng'ombe 120 sizidziwa za mamilimita. Ndikubwerera ndinapeza atatuwo atafunyulula mapu a minda patebulo, ndipo atandiona anayamba kukamba za mvula.

Musadandaule. Munthu akauzidwa ndi mwana wake kuti akufa, mutu umaima. Mkuja tikakhala pamaso pa Vibeke ndipo akawongola zonse, Troels wati apita nafe.

Za ng'ombe zathuzo, ngati simunagwirizane ndi munthu, taimani kaye. Palibe vuto, kungoti mtengo umakhala bwino mvula ikatha.

Ndine wanu,
Lameki

Kufamu
30 Epulo

Okondedwa Anankhoma,

Makalata athu anaphonyana panjira. Ndamva kuti ng'ombe zonse ziwiri zinapita Pasaka isanafike, ndiponso kuti munatsanzika ku bungwe la mkaka ndipo amayi anakuimbirani nyimbo. Munachita monga ndinanenera, ndipo a Chimphako munawagwira bwino. Pasipoti yatuluka, tithokoze Mulungu. Tsiku la 24 Julayi limene akupatsani ku ofesi ya ziphaso zolowera dziko lino ndalilemba pakhoma.

Kwa Vibeke tinapita atatu. Troels anatenga kabuku ndi cholembera. Vibeke anamuyendetsa Ejvind pamzere wowongoka, anamugwiritsa mphuno atatsinzina, anamufunsa za mutu. Kenako anati, "Chithunzi chikuti chakula, koma munthuyu akuyenda bwino kuposa kale. Mankhwala sindisiya. Pa 5 Juni tijambula ndi makina ena. Timathira m'mtsempha kachakudya kamene chotupa chamoyo chimadya kwambiri. Ngati ndi kutupa chabe, sipawala kwenikweni."

Troels anati, "Ungatitsimikizire kuti ndi kutupa?"

"Ayi."

Ndinamuona Troels akulemba. Mwa mawu onse amene mayi uja ananena, m'kabukumo munalowa amodzi okhawo.

Pobwerera, ine ndili pachiwongolero, ndi pamene ndinamva. Lolemba la Pasaka, masiku atatu tisanaonane ndi dokotala, Ejvind anagwirana chanza ndi Preben. Minda, ng'ombe, makola. Ng'ombe zinyamuka pa 1 Juni.

Ndinati, "Dokotala wati tidikire."

Troels anati, "Chanza ndi chanza, Lameki. Wakhalitsa kuno, ukudziwa."

"Kanyumba ka kumsewu?"

"Kali pa munda womwewo."

"Nanga chanza changa?"

"Chanza chiti?"

Ndinayang'ana Ejvind pagalasi. Anali kalikiliki kuwerenga mapolo a magetsi a m'mbali mwa msewu, ngati wawaona koyamba.

Mawa lake anandipeza mokamira. Anaima nthawi yaitali akusisita ng'ombe imodzi pamsana, n'kuti, "Tikonza, Lameki. Ndilankhula ndi Preben." Preben amakama ndi makina odziyendera okha, amene sadwala ndipo alibe akazi kwawo. Komabe ndinati chabwino.

Sindikumuweruza. Troels ndiye wamuthamangitsa, ndipo munthu wamantha amasayina chilichonse. Chithunzi cha mu Juni chikatuluka bwino, mwina adzakumbuka kuti ndi mwamuna, kanyumba kokha n'kukapatula. Ndapitiriza kupaka penti kukhitchini, poti chitini ndinali nditatsegula kale.

Ndalama za ng'ombezo musazikhudze, zikhale kubanki. Khola musaphwasule, ngakhale alamu anu apemphe malata.

Ndine wanu,
Lameki

Kufamu
9 Juni

Anankhoma,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanga yapita ija simunayankhe, mwina positi. Ine ndilipo.

Ng'ombe zinapita pa 1. Malole anabwera atatu. Ejvind sanatuluke m'nyumba. Ng'ombe yakale ija ndinkakuuzani, imene ndinaikoka ndekha m'mimba mwa make chaka changa choyamba, inakana kukwera. Anyamata a Preben anaimenya mpaka ndinawauza kuti asiye. Ndinangoyenda patsogolo, iyo n'kunditsata mpaka m'lole. Ndinatulukira khomo la m'mbali.

Dzulo tinapita kukamva za chithunzi chachiwiri, awiri, Troels anali ndi msonkhano. Vibeke anatembenuza kompyuta kuti tione, zithunzi ziwiri pambali ndi pambali. Chaching'ono chija palibe. Chachikulu chatsala mamilimita 9, ndipo chili mbuu, chosawala.

"Kunali kutupa," anatero. "Sindikuti wachira, Ejvind. Ndikuti mankhwala akugwira. Tizijambulabe miyezi itatu iliyonse."

Ejvind anati, "Si zoipa kwenikweni." Kwa munthu wa kuno kumeneko ndiye kuvina.

Pobwerera anati tiime pogulitsa masoseji. Tikudya chiimire ndinati, "Ukanadikira sabata zisanu ndi zitatu, bwenzi lero ukupita kukauza ng'ombe zako. Khutu lakolo lakudyetsa famu."

Anapukuta pakamwa. "Khutu lilibe mlandu. Ndinamva zonse."

Ndinaika soseji pansi.

"Si ndine ndinanena za katemera wa ng'ombe? Ndinamva bwino lomwe. Lameki, ine ng'ombe zinanditopetsa kalekale, mayi a Troels asanamwalire n'komwe. Zaka makumi asanu kudzuka folo koloko. Koma famu ija anayamba ndi agogo a bambo anga. Wa banja lathu la Kragelund sasiya ng'ombe chifukwa chotopa, akanandiloza chala kusitolo ya alimi mpaka kumanda. Koma wa khansa palibe amamuseka, amamubweretsera keke. Troels ataika foni ija patebulo, ndinaona chitseko chatseguka. Ndinadziwa kuti chithunzi chachiwiri chikhoza kuchitseka."

"Ndiye unandisiya ndikangane ndi mwana wako ngati chitsiru."

"Unanena zoona. Ndinangosowa pozilandirira."

"Nanga pothira mafuta paja? Unandiuziranji kuti ndiitane mkazi wanga?"

"Tsiku lija ndinali ndi mantha. Ndinkafuna ukhale pafupi. Sindinaname, ndinkafunadi kuti abwere."

"Wagulitsa ng'ombe zake."

Anafunsa kuti, "Zinali zingati?"

"Ziwiri."

"Aa, ziwiri," anatero, ngati wapepukidwa.

Ndinamufunsa za Preben. Ati analankhula naye, koma kanyumba akufuna kuikamo antchito ake a m'minda. Kenako anandimenya paphewa n'kuti, "Iwe ndiwe mnyamata, manja ako ndi abwino, ntchito upeza." Mnyamata wa zaka 47.

Ndinamuyendetsa mpaka kunyumba, maola awiri, iye akuimba mluzu. Sindinamugwetsere m'ngalande. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti munakwatiwa ndi Mkhristu.

Kachipinda kano ndituluka pa 30. Zina ndidzanena ndikadziwa kumene ndikupita.

Lameki

M'tauni
16 Julayi

Okondedwa Anankhoma,

Moni. Tiyamike wandiuza kuti muli bwino. Ndikaimba foni mumamupatsira iyeyo, ndipo iye amandiuza za mayeso ake mpaka ndimakhoza nawo. Sindikudandaula. Ine ndili bwino, msana wokha.

Ndapeza ntchito kophera nkhumba, ya miyezi isanu ndi umodzi, ati akaona pambuyo pake. Ndikukhala m'chipinda cha lendi, khitchini timagawana anthu asanu. Adiresi ili kuseri kwa envelopu. Tsiku lina ndinadutsa kumsewu kuja pa basi. Pakanyumba paja payanikidwa maovolosi anayi, ndipo makatani aja achotsa.

Ejvind wagula nyumba ya m'mwamba pafupi ndi doko. Wanenepa, amadzuka naini koloko, masana amasewera makhadi ndi madala anzake. Anthu akamuona amati ndi chozizwitsa, ndipo amamumvera chisoni kuti matenda anamulanda famu. Iye amangogwedeza mutu.

Lachiwiri anandiimbira. "Lameki, mnzanga, uli moyo? Ukununkha nkhumba mpaka pafoni pano."

"Ukufuna chiyani, Ejvind?"

"Kujambula kwina kuli mu Seputembala. Galimoto sanandilolebe, Troels ndi uja ukumudziwa. Undiperekeze, masoseji ndigula ine."

Ndinamuuza kuti chipatala chili ndi galimoto yotenga odwala pakhomo, n'kumuwerengera nambala yake pang'onopang'ono, kawiri.

"Wandikwiyira?"

"Walemba?"

"Ndalemba."

Ndinadula. Ndimafuna kuti chithunzi chake chidzatuluke bwino, zimenezo n'zoona. Koma akachione ndi amene anagwirana nawo chanza.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira Epulo. Pa 24 musapite ku ofesi ya ziphaso. Akufuna kalata ya nyumba ndi ya ntchito yokhazikika, ndipo ine ndilibe iliyonse. Chilimwe chino simubwera. Sindikudziwa ngati chinacho mudzabwera.

Ine ndakhala ndikuloza Ejvind, Troels ndi Preben, koma inu simunagwirane chanza ndi aliyense wa iwo. Amene anakuuzani kuti mugulitse ng'ombe ndine, ndilibe pepala ngakhale limodzi m'manja. Zaka khumi ndi chimodzi ndaona alimi a kuno akusunga chanza, osafunsa kuti amachisungira ndani. Munatsanzika pamaso pa amayi anzanu, ndipo tsopano ndinu mudzidutsa pamenepo tsiku lililonse. Pepani.

Njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kupirira kuno, mwina ophera nkhumbawa adzandilemba mokhazikika, n'kuyambanso za makalata kuchokera pachiyambi. Zimenezo zingatenge zaka ziwiri, kapena kuposa. Kapena ntchitoyi ikatha mu Disembala ndikwere ndege, tidzagule ng'ombe zina, ndidzakame m'khola lathu.

Sindisankha ine. Chaka chino ndalamula zokwanira. Lembani, ngakhale mizere iwiri yonditukwana, ndipo chimene munene ndicho ndichite.

Ndine mwamuna wanu,
Lameki